Manja a Salaula

Lolemba

Kodi anakhazikitsa ndani lamulo loti namwino akakhala nthawi osagwira ntchito, ayambe wakadzipereka pachipatala ulele kuti “manja abwerere”? Abwerere kuchokera kuti? Anapita ku Joni? Aliyense amangovomera ngati zalembedwa m’Baibulo. Anzanga a m’kalasi akuzungulira m’mawodi ndi mayunifomu otuwa, malipiro palibe, ati akusunga manja. Ine ndinakana. Manja si nyama yoti isungidwe mu filiji. Ndinakhoza kuposa onsewo, setifiketi ili mu sutikesi, ndipo chimene munthu anaphunzira, anaphunzira basi.

Chaka chachitatu chino ndikudikira kuti boma lilembe anamwino. Podikirapo ndikugulitsa salaula, zovala za kaunjika, pa tebulo la Azakhali ku msika wa Kapata. Kwakanthawi chabe. Makasitomala ndimawauza choncho ngakhale safunsa.

Koma lero foni! Kiliniki ina yatsopano ya pulayiveti ikufuna namwino mmodzi. Mmodzi! Loweruka m’mawa ndikaonekere kwa a Sisita Zulu, oyang’anira anamwino kumeneko. Ati mapepala aona kale, chatsala n’kundiona ndikulowetsa kanyula mumtsempha wa munthu, kasingano kaja kolumikizirapo dilipi. Basi? Zimenezo ndinkachita ndikucheza.

Ndikaipeza ntchitoyi:
- ndichoka m’chipinda chino chimene ndimagona pamodzi ndi mabelo a zovala
- fungo la salaula lindichoka m’tsitsi
- Amama ku Kasenengwa asiya kuuza anthu kutchalitchi kuti ndili “pa tchuthi”
- kilinikiyo ndiisintha. Ndamva kuti odwala amadikira panja padzuwa. Aona.

Pulani, kungotsitsimutsa: mawa mutu, Lachitatu mkono wopanga, Lachinayi mkono weniweni. A Ankolo, amuna awo a Azakhali, alonjeza wawo. “Kwa inu a Dokotala, ngakhale yonse iwiri.” Lachisanu kupumula ndi kusita yunifomu.

Ndagula ku famasi makanyula angapo, magolovesi ndi thonje. Azakhali ati, “Nanga belo la Lachinayi atsegula ndani?”

Anthu osaona patali.

Lachiwiri

Mutu uli bwinobwino. Ndadzuka ndikulakatula ndondomeko yonse ngati Atate Wathu: samba m’manja, lonjera wodwala, mufotokozere, vala magolovesi, manga mkono, funa mtsempha, pukuta, baya, ona magazi, kankha kapulasitiki, masula, chotsa singano, mata. Palibe chasowa. Ndawanenera Azakhali tikuyala zovala pa tebulo. Ati, “Ameni. Gwira uko.”

Ku msika sindikuona nkhope, ndikungoona mikono. Wogulitsa tomato: mitsempha yabwino. Wa njinga uja amatinyamulira katundu: ngati mizu ya chinangwa, wakhungu angabaye. Mayi wa vitumbuwa: palibe, ungafune mpaka Khirisimasi.

Ndiye kasitomala. Mayi wina wa chigwirizano cha kutchalitchi kwathu, duku loyera, akuyesa juzi. Watambasula mkono, ndipo mtsempha uli apo, wowongoka, wonenepa. Chala changa chapita kukaudina. Ndangoti, “Koma muli ndi magazi abwino, amayi.”

Kalanga ine!

“Mwati magazi? Magazi anga mukuwafuniranji?” Juzi pansi, mayi uyo. Mzere wonse wa salaula wamva. Pofika masana nkhani yafika kogulitsa kapenta kuti mtsikana wa pa tebulo la amake Tisa, ndiwo Azakhaliwo, ndi wa Sataniki. Azakhali ayenda tebulo ndi tebulo kufotokoza kuti ndine nasi. Wina wafunsa, “Nasi wa kuti?” 

Funso limenelo landiwawa kuposa la Sataniki.

Chinthu chimodzi sindinauze munthu. Kale ndikadina mtsempha, chala chinkamva kakufewa kaja kobwerera, ngati ukudina kachubu ka njinga. Lero chadina, zii. Chimene chamva n’chakuti juziyo ndi ya nayiloni, si ya ubweya, ndipo Azakhali aikweza mtengo.

Ndi kutopa. Mawa ziyenda.

Lachitatu

Ndajomba ku msika. Ndauza Azakhali kuti pambuyo pa za dzulo ndi bwino anthu aiwale nkhope yanga. Avomera mofulumira kwambiri.

Mkono wopanga, nzeru zangazanga:
- sokosi lalitali la mpira, lochokera mu belo
- nsanza zodzazira
- phesi la tsamba la papaya, lobowoka mkati, ndiwo mtsempha
- juwisi wofiira, ndiwo magazi

Waoneka bwino ndithu. Ndaupatsa dzina, a Tembo. Ndawalonjera a Tembo, ndawafotokozera zonse, sanakane. Kumanga mkono ndadumpha, poti sokosi silitupa, ndipo kumanga n’kumanga, mwana angamange. Nkhani ndi singano.

Ndatenga kanyula. Ndaima.

Kodi ndinkaigwira bwanji? Chala chachikulu chinkakhala pamwamba kapena pambali? Ndikudziwa kuti singano imalowa chopendeka, ndingakuuze ngakhale tsamba la buku pamene zinalembedwa, koma dzanja langoima m’mwamba ngati mlendo wosadziwa pokhala. Ndaigwira ngati bolopeni. Ayi. Ngati mpeni. Ayi! Ndatseka maso kuti mwina dzanja likumbuka ndikapanda kuliyang’ana. Lagwira ngati likufuna kusoka batani.

Koyamba: ndaphonya phesi.
Kachiwiri: ndapyoza phesi mbali zonse, singano yatulukira kunsi.
Kachitatu: chimodzimodzi, koma mwaukali.

A Tembo akha magazi pa mphasa, pa siketi yanga, ndi pa bulauzi yoyera imene Azakhali anasungira mkazi wa a hedi. Ndachapa ndi sopo, ndi mandimu, ndi mchere. Yasanduka ya pinki.

Azakhali pobwera aitenga, aiyang’ana kudzuwa, ati, “Wodwalayo wapulumuka?” A Ankolo aona sokosi lobowokabowoka lili pakhonde, nyerere zitalizinga. Aliyang’ana nthawi yaitali. Afunsa ngati mawa ndi mawa ndithu. Ndati inde. Apukusa mutu, alowa m’nyumba atapinda mikono.

Vuto ndi papaya. Mtsempha wa munthu suuma chonchija. Makanyula atsala awiri.

Lachinayi

A Ankolo kulibe. Alawira m’mamawa, ati kuli maliro ku Mtenguleni. Ndafunsa Azakhali kuti wamwalira ndani. Ati, “Akadziwira komweko.” Atenga jekete, bulangeti ndi mswachi. Munthu wopita kumaliro a tsiku limodzi satenga mswachi.

Ndiye ku msika, poti belo silidikira.

Ndilembe izi mmene zachitikira, ngakhale zikundinyansa. Belo latsika pa njinga. Ndadula mawaya, labuka. Amayi ooda, ogula zambiri zokagulitsa kwina, atizinga, akukankhana. Manja anga alowa m’zovala osandifunsa: iyi ya pa hang’ala, iyi ya pa tebulo, iyi ya pansi, iyi yabowoka kukhwapa, iyi zipi yafa, iyi ndi siliki weniweni, bisa. Maso ali kwa mayi wina amene amakonda kulowetsa madiresi a ana m’chitenje, pakamwa ndikukangana ndi wina za mtengo, manja akungogwira okha. Kupinda, kuunjika, kumanga mitolo ya ooda, kuponya pa njinga. Dzuwa lisanafike pamutu belo latha.

Palibe anandiphunzitsa zimenezi. Palibe mayeso, palibe setifiketi, palibe gauni. Sindinafune n’komwe kuzidziwa! Zangolowa tsiku ndi tsiku ngati utsi m’zovala. Pamene zija ndinakhalira zaka, Amama n’kugulitsa ng’ombe, zatuluka osatsazika.

Azakhali, akutafuna chinangwa, ati, “Iwe pa salaula ndiwe katswiri, mwana wa achimwene. Ndikafa tebulo ili ndi lako.” Akuganiza kuti andiyamikira. Ndakalira kuseri kwa chimbudzi cha msika, ndipo wolipiritsa pakhomo wandiuza kuti kulira n’kwaulere koma ndisatseke njira.

Madzulo ndafuna mkono wina:
- Azakhali: “Ine ndili ndi shuga.” Alibe.
- Tisa, mwana wawo: ali ku Lusaka, wasekera pa foni.
- aneba athu: amva za Lachiwiri, aitana ana awo alowe m’nyumba.
- mkono wanga: ndayesa. Dzanja limodzi silikwana, ndipo ndapeza kuti inenso ndimaopa.

Watsala Misozi. Tinali kalasi imodzi. Akudzipereka pa kiliniki ina cha ku Madzimoyo kuchokera pamene tinamaliza. Ndinamuuza pamaso pa anthu kuti kugwira ntchito ulele ndi ukapolo wovala zoyera. Ndamutumizira uthenga. Wayankha, “Bwera, bwana.”

Lachisanu

Tsiku lopumula ndi kusita. Ndili pa minibasi, nkhuku ya munthu pamiyendo.

Misozi ameneyu kusukulu ankanjenjemera akaona magazi. Mayeso a manja anabwereza. Ine ndi amene ndinkamugwira dzanja kumuonetsa polowera singano. Lero ndamupeza atawonda, nsapato zitang’ambika pachala, yunifomu yofiirira m’khosi. Ndinakonzeka kumumvera chisoni.

Abweretsa agogo ena otsekula m’mimba, ouma ngati chikuni, mitsempha yosaoneka n’komwe. Misozi wawagwira dzanja, akuwafunsa za mtedza wa chaka chino, ngati mvula inawakomera, mdzukulu anakwatiwa kuti. Ndikudikira kuti ayambe. Ndikuyang’ana, dilipi ikudontha kale. Sindinaone! Ndamufunsa kuti chala chachikulu anaika pati. Wayang’ana dzanja lake, wati, “Kaya. Funsa ilo.”

Ndapempha ndiyese pa wodwala wotsatira. Wakana, ati akulu a pamenepo salola munthu wosalembetsa kugwira odwala. Lamulo linanso. Ndapempha mkono wake, pa nkhomaliro, kuseri kwa thanki. “Mawa ndili ndi kitcheni pate, diresi langa n’lopanda manja. Ukufuna anthu aziti amuna anga amandimenya ndisanakwatiwe?”

Ndiye ndangoonerera. Tsiku lonse. Wachiwiri, wachitatu, mwana wa malungo, bambo wolumidwa ndi njoka. Ndaika maso pa singano pokha: mmene amaigwirira, mmene imapendekera, pamene amaima. Ndikuyeserera m’thumba ndi chotokosera m’mano. Pofika madzulo ndamva ngati chinachake chadzuka m’zala. Chala chachikulu chimakhala pambali! Pambali!

Pondiperekeza wati, “Ukalephera ubwere, malo a akapolo alipo.” Sananene mwankhanza. Zikanakhala bwino akananena mwankhanza.

Sindilephera. Yunifomu sindinasite, magetsi anapita. Ndivala siketi yakuda ndi bulauzi ya mu belo la dzulo.

Loweruka

Sindikufuna kulemba. Ndilemba.

Tinalipo atatu pa benchi. Ine womaliza. A Sisita Zulu ndi mayi wamkulu, wamfupi, wa magalasi a chingwe, yunifomu yoyera yoti mbee. Ati, “Odwala anga sindipatsa alendo. Nawu mkono wanga. Anzanu atenga wamanzere, inu wamanja.” Pa tebulo kanyula, thonje, sipiliti, pulasitala, ndi golovesi limodzi lomangira mkono monga timachitira kulikonse.

Ndasamba m’manja. Ndalonjera. Ndafotokoza bwino kwambiri mpaka agwedeza mutu. Ndamanga mkono, osayang’ana n’komwe, maso ali kale pa mtsempha. Watupa bwino. Ndapukuta. Chala chachikulu pambali. Ndabaya.

Yalowa! Kamodzi! Kadontho ka magazi kaoneka kumbuyo kwa kanyula, kofiira, kokongola. Ndakankha kapulasitiki, kalowa ngati kakubwerera kwawo. Mumtima ndayamba kale kusamuka m’nyumba ya Azakhali, ndikusankha makatani.

Chotsatira: masula. Golovesi limamangidwa mfundo yosololoka, yoti ukakoka nsonga imodzi ndi dzanja limodzi imamasuka yokha. Ndakoka nsonga. Yalimba. Ndakokanso. Yalimbiratu. Ndayang’ana. Pa mkono wa a Sisita pali mfundo ya mtolo wa salaula, yobwereza kawiri, yokoka ndi mphamvu, imene timamanga kuti katundu afike ku Lundazi pa denga la basi osamasuka.

Sabata yonse ndalimbana ndi singano. Kumanga sindinayese ngakhale kamodzi. Sindinkadziwa kuti nakonso n’kophunzira.

Apa mutu wathawa. M’malo moitanitsa sizasi, dzanja lina lasolola singano mkono ukadali womangidwa. Magazi phwii! Pa tebulo, pa nsapato zanga, pa yunifomu ija yoti mbee. Ndatseka ndi chala, dzanja latsala limodzi, mfundo ikuseka. Mkono wa a Sisita wayamba kuda. Ndiye ndachita chimene ndimachita ku msika mfundo ikakana manja ali ndi katundu. Ndaweramira ndi mano.

“Mayi, musandilume.”

Ananena mofatsa, ngati akupempha mchere. Aitana namwino wina, wabwera ndi sizasi, wadula. Wachotsa kanyula yanga yokongola ija, wamata thonje. 

A Sisita atola golovesi lodukalo, aitembenuza mfundoyo, aiyesa ndi chikhadabo. “Imeneyi munaiphunzira kuti?”

“Ku msika, a Sisita.”

“Njolimba. Katundu sangagwe.” Avula magalasi, awapukuta kadontho. “Mtsempha mwaupeza, sindikukana. Mutu wanu uli bwino. Koma manjawa ali pa ntchito ina, mwanawe. Akanakhala mwana wodwala, mayi ake akuyang’ana, mukanatani?”

Ndinali ndi mayankho ambiri okonzeka, a mmene ndingasinthire kiliniki yawo, za mthunzi wa odwala, za mzere. Palibe anandifunsa zimenezo.

Ntchito wapatsidwa mnyamata wa pa benchi amene anamaliza chaka chatha, wa tayi yofupika. Anabaya kawiri asanapeze. Koma anamasula.

Ndabwerera wapansi. Wa njinga wathu wandipeza pa njira, waona nsapato, wafunsa ngati ndapha nkhuku.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Theka la chigwirizano likundiyesa wa Sataniki, ndipo nsapato zanga za pa Sabata zili ndi magazi a munthu.

Amama aimba foni. “Zayenda bwanji, anasi anga?” Ndati mtsempha ndinaupeza. Aululutira. Zotsalazo ndawauza ataleka. Ati, “Ndiye tchuthi chikupitirira.” Ndati inde, Amama.

A Ankolo abwera kumaliro, onenepa. Amva nkhani yonse kwa Azakhali, ndipo tsopano apinda malaya, ati, “Nawu mkono, a Dokotala, musaope.” Ndawathokoza. Ndawamanga golovesi lokha, popanda singano. Ndikaganiza, pang’onopang’ono, lilime lili panja, mfundo yosololoka ikutheka. Andifunsa za mpira, ndayankha, ndayang’ana: ya mtolo. Tabwereza. Akangondilankhulitsa, ya mtolo. Mpaka dzanja lawo lachita dzanzi, apempha kuti akapume.

Ndiye ndi choncho. Manja amasunga chimene ukuwapatsa lero, za dzana alibe nazo chisoni. Ndikadaganizabe kuti kugwira ntchito ulele ndi kuba. Maganizo amenewo sindinasinthe, ndipo tsiku lina ndidzazinena pamalo pomveka. Koma pamalo pomvekapo salowetsa munthu woluma masisita.

Ndalankhula ndi Azakhali. M’mawa kukadzipereka ku Madzimoyo, madzulo ku tebulo, Lachinayi lonse ku belo, poti ndalama ya minibasi ichokera momwemo. Mpaka liti, kaya. Ati, “Pita. Koma usadzandibweretsere mfundo zako zosololoka pa mitolo yanga, katundu adzagwera mumsewu.” Zimenezonso zingachitike. Ndikhoza kutsala pakati, nasi wosatha, wa salaula wosatha.

Ndamuimbira Misozi. Waseka mpaka kutsokomola, kenaka wati ndifike molawirira, ndibwere ndi mapepala ndi kapu yanga ya tiyi.

Ndatsegula sutikesi, ndatulutsa yunifomu. Ikununkha mankhwala a njenjete. Ndayesa. Sikutseka pachifuwa, vitumbuwa vya ku msika. Ndatenga lezala, singano ndi ulusi woyera, ndakhala pakhonde, ndadula mabatani onse n’kuwasokera cha kumphepete.